Nsenjere zafooka, mkaka nawo watsika, kodi a ku yunivesite amalangiza zotani?

Chisale_waChongwe
Muli bwanji nonse apagulu. Ndimaweta ng'ombe za mkaka kuno mbali ya Chongwe, ma cross a Friesian, zimadyera mkhola. Vuto langa ndi chilimwe, mvula ikangodula mu Epulo mkaka umayamba kutsika ndiye pofika Okutobala ndikapita ku collection centre chigubu chimangofika theka. Chondidandaulitsa kwambiri ndi nsenjere, nditangobzala zimaphuka zonenepa koma manje masamba achikasu mapesi owonda ngakhale mdzinja mvula ili mkati. Gaga nayo yakwera mtengo. Ndimamva kuti ku yunivesite ya UNZA ndi ku GART, malo ofufuzira zaulimi ku Chisamba, amafufuza za udzu wa ng'ombe ndi nthaka, alipo akudziwa zomwe amanena zoti munthu opanda thirakitala nkuzikwanitsa?

NaBanda_Chelstone
A Chisale, ndowe za mkhola mumapita nazo kuti? Ndafunsa dala chifukwa ambiri amakathira ku dimba la rape ndi tomato kapena kugulitsa, munda wa nsenjere osaupatsa kanthu. Nsenjere zimadya kwambiri naitirojeni ndi potaziyamu, ndiye inu mukumweta chaka ndi chaka nkumatuta zonse kupita nazo kukhola, nthaka itsala ndi chani? Mukamweta thirani manyowa pomwepo pakati pa mizere, ngakhale madzi otsukira khola aja osataya muli mkodzo ndipo naitirojeni wambiri ali mmenemo.

Chachiwiri udzu paokha ulibe mapuloteni okwanira ng'ombe yokamidwa makamaka ukakhwima. Mwetani zikafika mchiuno, cha pa mita imodzi, osadikira zikhale ngati bango. Ndiye mubzalenso zanyemba, lablab, kalongonda kapena khobwe, izi mizu yake imakoka naitirojeni wa mumpweya kuika mdothi pomwe masamba ake akukweza mkaka. Zomwe amaphunzitsa ku sukulu ya zaulimi zimazungulira pamenepa basi. Komanso tengani dothi mukapimitse ku malo ofufuzira zaulimi a Mount Makulu ku Chilanga kapena ku UNZA komweko, likakhala ndi asidi wambiri zanyembazo sizichita bwino mpaka mutathira laimu, ndipo kumangothira urea chaka chilichonse kumawonjezera asidiyo.

Mdala_waKatete
Mayi awa anena zoona. Ine ndiwonjezere za mitengo. Kwathu kummawa a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya mminda, pamodzi ndi a ku malo ofufuzira zaulimi a Msekera ku Chipata anayesa gliricidia ndi sesbania mminda ya anthu mzaka za mma 1990, cholinga chinali kubwezera chonde pomwe feteleza anali atadula, koma masamba omwewo ng'ombe zimadya ndipo amakhala obiriwira nthawi yomwe udzu onse wauma. Bzalani mmalire mwa munda ngati mpanda simutaya malo. Lukina nayenso ndi wabwino koma osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, akachuluka ng'ombe imayoyoka ubweya.

Chomwe chimandiwawa ine nchoti nzeru zonsezi zilipo kalekale koma zimathera mmabuku ndi pa field day kamodzi pachaka, mlimi wa ng'ombe zitatu mbewu ya lablab akaipeza kuti? Chilala cha 2024 chija, boma mpaka kulengeza mu Febuluwale kuti ndi ngozi ya dziko lonse, amene anali ndi mitengo ndi udzu osunga ndi omwe ziweto zawo zinafika nazo ku mvula.

Tembo_Makeni
Mdala gliricidia yanuyo zanga zinakana, zimangonunkhiza nkutembenuka. Mpaka ndifotse kaye masamba pamthunzi tsiku limodzi nkusakaniza ndi nsenjere zoduladula ndi pomwe zinazolowera. Koma a Chisale ngati mukufuna mkaka mu Okutobala pangani silage, chakudya cha ng'ombe chosungidwa chachiwisi mdzenje, mu Malichi udzu udakali ochuluka. Kumbani dzenje pamalo okwera, yalani pulasitiki yakuda, duladulani chimanga njere zikadali zofewa, kapena nsenjere zofota pang'ono muwaze molasses (manyuchi otsala popanga shuga), pondani ndi dramu la madzi mpaka mpweya onse utuluke ndiye mutseke nkukwirira ndi dothi. Mpweya ukalowa zimaola basi. Pakatha masabata 6 mutha kutsegula, yabwino imamveka kafungo kowawasa osati kovunda. Rhodes grass nayo mwetani ikangoyamba kuchita ngayaye muumitse hay, osadikira Juni itasanduka mapesi.

Chisale_waChongwe
Zikomo kwambiri nonse. Ndowe zonse zimapitadi ku dimba la amayi akunyumba, tikambirana tigawane. Lablab ndibzale pakati pa nsenjere kapena payekha? Ndipo mbewu ndiyambire kufunsa kuti?

NaBanda_Chelstone
Payekha kapena mchimanga, nsenjere zakale zimamuphimba ndi mthunzi. Mchimanga mubzale chikafika mmawondo kuti asachikwere msanga. Za mbewu yambani ndi alangizi a ziweto ku boma ku Chongwe ndi a cooperative yanu ya mkaka, ku sukulu ya za ng'ombe za mkaka ku Palabana nakonso ndi pafupi ndi inu mukafunseko, ndipo mukaipeza siyani mizere ingapo ikhwime mukolole mbewu yanu ya chaka chamawa.