Msonkho wa katundu wolowa pakati pa America ndi Canada: amalipira ndani kwenikweni?

Chidwi_Changa:
Abale anga, ndithandizeni pa nkhani iyi, ikundizunguza mutu. America ndi Canada ndi mayiko ogwirizana kwambiri, onse ali mu mgwirizano wa chitetezo wa NATO, ndipo katundu wambiri wakhala akudutsa malire awo popanda msonkho kuyambira kale, makamaka chiyambireni mgwirizano wa malonda wa NAFTA mu 1994. Koma mu June 2018 boma la Donald Trump linaika msonkho wa 25 peresenti pa chitsulo ndi 10 peresenti pa aluminiyamu wochokera ku Canada. Ine mmene ndikuonera, ndalama imeneyo imatuluka m'thumba la Canada. Mnzanga wina akukanitsitsa, akuti amene amamva kuwawa ndi wogula wa ku America yemweyo. Zingatheke bwanji dziko kudzilanga lokha?

Wapachipata:
Achimwene, mnzanuyo akunena zoona. Ine ntchito yanga ndi yoombola katundu pa kasitomu, ndipo pepala la msonkho sililembedwa dzina la dziko lotumiza ayi. Limalembedwa dzina la kampani yoitanitsa katunduyo. Tiyerekeze kuti fakitale ya ku Ohio, ku America, yaitanitsa chitsulo cha madola 1,000 kuchokera ku Ontario, ku Canada. Katunduyo asanatuluke pa chipata, fakitaleyo iyenera kupereka madola 250 ku boma la America. Ndiye mwini fakitale atani? Mwina aumirize wogulitsa wa ku Canada kuti atsitseko mtengo, mwina alole phindu lake lichepe, koma nthawi zambiri amangowonjezera pa mtengo wa chimene akupanga, kaya ndi misomali kaya ndi furiji.

Chimene anthu ambiri sachiona ndi ichi: ngakhale katundu wopangidwa m'dziko momwemo amakweranso mtengo. Wopikisana naye akadula, iwe ukhaliranji wotchipa? Zinaoneka bwino pa makina ochapira zovala. Kumayambiriro kwa 2018 America inawaikira msonkho woyambira pa 20 peresenti, ndipo amene anakhudzidwa kwambiri ndi Samsung ndi LG a ku South Korea, dziko lomwenso ndi bwenzi la America. Akatswiri a ku Federal Reserve, yomwe ndi banki yaikulu ya America, ndi University of Chicago anapeza kuti mitengo ya makinawa inakwera ndi pafupifupi 12 peresenti. Makina oumitsira zovala, omwe analibe msonkho n'komwe, anakweranso mofanana, chifukwa anthu amakonda kugula ziwirizi pamodzi ndipo ogulitsa amadziwa zimenezo.

Mayi_Mafunso:
Ndiwonjezereko pang'ono. Bwenzi ukalimenya nalonso limabwezera. Pa 1 July 2018 Canada inaika msonkho wake pa katundu wa ku America wokwana madola a ku Canada 16.6 biliyoni. Sanalekere pa chitsulo chokha, anaikaponso kechapu, yogati, juwisi wa malalanje ndi wisiki. Sanasankhe mwachisawawa, ankafuna kuti opanga zinthuzi akalire kwa andale a m'madera awo. Koma wogula wa ku Canada nayenso analipira zambiri m'sitolo. Mbali zonse ziwiri zinachotsa misonkhoyi mu May 2019.

Chimene chimandimvetsa chisoni ine ndi nkhani ya magalimoto. Detroit wa ku America ndi Windsor wa ku Canada ndi mizinda yoyang'anizana, pakati pali mtsinje basi, ndipo zipangizo za galimoto imodzi zimatha kuwoloka malire kangapo galimotoyo isanathe kupangidwa. Mafakitale a mbali ziwirizi anamangidwa modalirana, ndiye chitsulo chikadula mbali imodzi, wantchito wa tsidya linalo amagwedezeka naye.

Mlonda_wa_Ntchito:
Inu nonse mukuyang'ana wogula yekha. Nanga wantchito? Samsung inatsegula fakitale ya makina ochapira ku South Carolina, LG ku Tennessee, konseko ndi ku America, ndipo anthu analembedwa ntchito kumeneko. Komanso si zoona kuti ululu umafanana. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a katundu amene Canada imagulitsa kunja amapita ku America. Oda ikachepa, amene amachotsedwa ntchito ndi a ku Canada. Ndiye a Chidwi_Changa sanalakwe kwenikweni.

Wapachipata:
Pa za Canada ndikugwirizana nanu bambo, dziko lodalira msika umodzi limavulala kwambiri. Koma pa ntchito zija tiwerengere bwino. Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti ntchito zatsopano zinali pafupifupi 1,800, pomwe ogula ankalipira madola pafupifupi 1.5 biliyoni owonjezera pa chaka. Mukagawa, ntchito imodzi inkadya madola oposa 800,000. Ndalama zimenezo zinachokera kwa mabanja wamba ofuna kuchapa zovala za ana awo, ndipo ine zimenezo sindizitenga mopepuka.

Nkhawa yanga ina ndi yakuti msonkho ukalowa suchoka msanga, chifukwa amene akupindula nawo amaugwiritsitsa. France ndi West Germany ataika msonkho pa nkhuku za ku America, pulezidenti wa America Lyndon Johnson anabwezera mu 1964 ndi 25 peresenti pa mapikapu ndi timalole tochokera kunja. Mkangano wa nkhuku unatha kalekale, koma msonkho wa mapikapu uja ulipobe.