Kodi St Martin's ya ku Rosettenville ija inali koleji kale?

Mnyamata_wa_ku_Ntcheu:
Moni akuluakulu nonse a kuno ku Joni. Ine ndimakhala ku Rosettenville koma ganyu yanga ndi ya m'gadeni ku Parktown, ndiye ndikamayenda kuchokera pa takisi ndimaona tizikwangwani tabuluu tozungulira ngati mbale tomata pa mipanda ya nyumba zakale zija, ndipo ndinazolowera kuima kuwerenga. Lamulungu lapitali potuluka ku tchalitchi agogo ena anandilozera sukulu ya St Martin's akuti mwana wanga pamenepa panali St Peter's College ndipo Desmond Tutu anaphunzirapo. Zaka zonsezi ndimadutsa pa geti imeneyo osadziwa!! Ndi zoona zimenezi? Nanga tizikwangwani timeneti amaika ndani?

Achimwene_Turffontein:
Agogowo sananame achimwene. Pamalopo panali zinthu ziwiri, sekondale ya ana achikuda ndi koleji yophunzitsa unsembe, zonse zili m'manja mwa ansembe a Anglican a Community of the Resurrection. Tutu anaphunzira ku kolejiko nkudzozedwa udikoni mu 1960. Oliver Tambo, yemwe bwalo la ndege timatsikira lija lili m'dzina lake, anaphunzira pa sekondaleyo kenako anabwerera kudzaphunzitsa masamu ndi sayansi pompo. Hugh Masekela lipenga lake loyamba anamupatsa ndi Bambo Trevor Huddleston ali mwana wa sukulu pamenepo. Chinapha sukuluyo ndi lamulo la Bantu Education la 1953, inatsekedwa mu 1956, St Martin's nkutsegulidwa mu 1958. Koleji ya ansembe inatsalako pang'ono koma inasamukira ku tauni ya Alice ku Eastern Cape mu 1963 poti dera linali loti ndi la azungu okha. Ine zimandiwawa ndikaganiza kuti lero ife obwera tadzadza Rosettenville yonse, pomwe eni dziko anachita kuthamangitsidwa pofuna maphunziro basi.

Mayi_a_Chiku:
Za tizikwangwanito, ambiri amaika ndi a Johannesburg Heritage Foundation mogwirizana ndi khonsolo ya mzinda. Komanso ku Parktown komwe mumagwirako, kampasi ya yunivesite ya Wits ya pa St Andrews Road ija inali Johannesburg College of Education, inalowa mu Wits mu 2001. Abwana anga akale anaphunzira uphunzitsi kumeneko ndipo mpaka lero amangoti JCE, dzina latsopano silituluka pakamwa pawo.

Malume_Zomba:
Mwandikumbutsa kwathu inu. Malemu bambo anga anaphunzira ku Soche Hill College, koleji ya aphunzitsi ya ku Limbe, ndipo chithunzi chawo atavala jekete ndi tayi ataima pa masitepe ndimachisunga m'Baibulo, chinafika poyezuka m'mphepete. Mu 1973 kolejiyo inaphatikizidwa ndi Chancellor College pomwe ankasamuka ku Chichiri kupita ku Zomba, dzina nkuthera pomwepo. Disembala ndili kumudzi ndinafunsa adzukulu anga awiri, onse a Fomu 4, kuti Chanco inayambira kuti, onse akuti ku Zomba, nditati ku Blantyre mu 1965 anandiyang'ana ngati ndaledzera. Si vuto lawo ayi, ndani anawauza? Ife timatolerana ndalama kuno mwezi ndi mwezi zotumizira maliro kumudzi, ndi bwino ndithu, koma kachitsulo kamodzi kolembapo dzina la koleji ndi zaka zake sikangatikanike, bola kupempha chilolezo kwa eni malo. Amene makolo awo anadutsa pa Soche Hill andipeze ku inbox tiyambepo.

Mnyamata_wa_ku_Ntcheu:
Zikomo kwambiri nonse. Loweruka ndikaweruka nditenga mwana wanga tikaime pa geti paja ndimuuze za Tambo, iyeyo masamu amawakonda kwabasi. Malume ndakulemberani, asuweni a mayi anga ankaphunzitsa ku Limbe nthawi imeneyo, ndiwaimbira madzulo ano.