Hatchi yaikazi ndingadziwe bwanji kuti yatenga bere? Thandizeni abale

Moni nonse pa gulu pano. Ndili ku Mzuzu kuno, mbali ya ku Lusangazi, ndimasamala hatchi ziwiri zazikazi za amalume anga omwe pano akudwala ndiye zonse zagwera ine. Imodzi tinaikweretsa kumayambiriro kwa December, mphongoyo tinachita kubwereka kutali ndipo transipoti yokha inatidyera ndalama zambiri. Pano patha masiku pafupifupi 70 koma sindikudziwa ngati inatenga kapena ayi. Mimba ikuoneka yaikulu inde koma ndi dzinja lino msipu uli mbwee, inzake yomwe sinakweredwe nayonso yanenepa chimodzimodzi. Ndinagula kachipangizo koyezera mimba ka anthu ku famase, ndinadikira m'mawa wonse kuti ikodze, kanaonetsa mzere umodzi. Ndiye kuti palibe kanthu? Mwini mphongo akuti ngati tikufuna kubwereza tinene sabata ino, ndipo ine mtima suli m'malo chifukwa amalume amaikonda kwambiri hatchi imeneyi, tsiku ndi tsiku amandifunsa. Amene mukudziwa chonde.

Mayi wa ku Katoto: Achimwene kachipangizoko katayeni, sikakuuzani chilichonse. Kamafufuza homoni ya hCG yomwe imapezeka mu mkodzo wa munthu wapakati, hatchi ilibe imeneyo, ndiye olo itakhala ndi bere kaonetsabe mzere umodzi basi.

Mlimi wa ku Ekwendeni: Ife oweta abulu timangoona ngati yaikazi ikumenya mateche mphongo ikayandikira, tikatero timadziwa kuti zatheka. Yesani zimenezo.

Wophunzira za ziweto ku Bunda: Bambo a ku Ekwendeni akunena zoona pang'ono koma musadalire zimenezo zokha. Hatchi imafuna mphongo pafupifupi masiku 21 alionse, kwa masiku 5 mpaka 7, ndiye ikapanda kufunanso mphongo pamakhala chiyembekezo. Vuto ndi loti ina imakhala duu osaonetsa chizindikiro chilichonse koma ilibe bere, ina ili nalo koma imaonekabe ngati ikufuna. Njira yeniyeni ndi sikani, dotolo amalowetsa kachipangizo kumbuyo kotulukira ndowe ndipo pa masiku 14 mpaka 16 amaona kale, pofika masiku 25 mtima wa kamwana umaoneka ukugunda. Pa masiku 70 anuwo dotolo wozolowera hatchi atha kumva ndi dzanja lokha. Kulinso kuyeza magazi, amafufuza homoni ya hatchi yabere yotchedwa eCG yomwe imapezeka kuyambira masiku 40 mpaka cha m'ma 120, koma imeneyi imanamiza nthawi zina chifukwa kamwana kakafera m'mimba patadutsa masiku 40 imapitirirabe kuoneka m'magazi kwa miyezi.

Wolemba funso: Zikomo kwambiri achimwene. Ndiye poti ndi dzanja, pali mnyamata wina kuno amayeza ng'ombe za mkaka, wandiuza kuti atha kubwera mawa. Ndimulole?

Wophunzira za ziweto ku Bunda: Ayi chonde musalole ngati sanagwirepo hatchi. Ng'ombe imapirira koma thumbo la hatchi silichedwa kung'ambika, ndipo likang'ambika kawirikawiri hatchiyo imafa. Komanso teche la hatchi limathyola munthu, pamafunika pokhomerera bwino ndipo nthawi zina jakisoni woifatsitsa. Pitani ku ofesi ya za ziweto mufunse dotolo amene anagwirapo hatchi, akapanda kupezeka akulozerani wina olo wochokera ku Lilongwe. Ndalama yake siingafanane ndi kutaya hatchi.

Mayi wa ku Katoto: Afunseninso za mapasa. Anthu amasangalala akamva mapasa koma kwa hatchi ndi tsoka, nthawi zambiri imapoloza bere litakula kale miyezi 7 kapena 8. Nchifukwa chake amafuna sikani yoyamba ichitike masiku 16 asanakwane, nthawi imeneyo dotolo amatha kuchotsa kamodzi mosavuta. Inu mwadutsa kale pamenepo komabe kuli bwino kudziwa.

Bambo wa ku Chibavi: Ine ndingoti za mphongoyo musathamange nazo. Kuikweretsanso ili ndi bere mutha kuononga zomwe zilipo kale. Muuzeni mwiniwakeyo adikire kaye mpaka dotolo aone.

Wolemba funso: Ndamva abale, mnyamata uja ndamuimbira kuti asabwere, wakhumudwa koma palibe kuchitira mwina. Mwini mphongo naye ndamupempha atipatse masabata awiri. Nanga ikapezeka kuti ili nalo ndiwerengere liti kuswa? Amalume amati chaka chathunthu.

Wophunzira za ziweto ku Bunda: Chaka ndi bulu. Hatchi ndi miyezi 11, masiku pafupifupi 340, ina imafulumirako ina imachedwa ndi masabata angapo. Yanuyo muziyembekezera cha kumayambiriro kwa November. Mimba simuiona bwino mpaka miyezi yakumapeto ndiye za maso zisiyeni.

Wolemba funso: Chabwino, Lolemba m'mawa ndikwera basikolo kupita m'tauni kukafunsa. Funso lina, ndinagula mankhwala a njoka za m'mimba kuti ndimwetse zonse ziwiri sabata ino, iyi ndiimwetse kapena ndinyamule botolo lake akaone kaye dotolo?