Zork, King's Quest kapena Monkey Island: woyamba kumene ayambire pati?

Kadzidzi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Munthu wofuna kulawa magemu akale a nkhani, aja olemba mawu ngati Zork ndi aja odina pazithunzi ngati Monkey Island, ayambire pati? Komanso ndimamva kuti ena amakulekerera kusewera maola ambiri pomwe mwayi wopambana unatha kalekale. Ndi zoona? Ngati ndi zoona, ndi luso kapena opanga analakwitsa?

Nyali_Yamkuwa:
Ndi zoona, ndipo Zork I ya kampani ya Infocom, ya 1980, ndiye mwini wake wa khalidweli. Tengani dzira lija la miyala yamtengo wapatali limene lili m'chisa pamtengo, kumpoto kwa nyumba yoyera. Mukalitsegula mokakamiza, kambalame kamakina kam'kati kamawonongeka, ndiye kuti mapointi onse 350 simudzawafikanso. Gemu sikuuzani kuti mwataya, imangopitirira. Njira yake ndi kulola mbala imene imayendayenda m'gemuyi ilitenge, chifukwa ndi iyo yokha yodziwa kulitsegula bwinobwino, kenako mukaiphe kumphanga yake n'kulitenganso. Kambalameko mukakapukusa m'nkhalango, mbalame yeniyeni imagwetsa kampira kamkuwa, komwe nakonso ndi chuma.

Nyali nayo ili ndi malire. Muziizimitsa mukatuluka kunja, ndipo fulumirani kupeza muuni wa minyanga ya njovu womwe susowa mabatire. Mumdima musayendemo, chilombo chotchedwa grue chimakudyani.

Ine sindiitcha kulakwitsa. Gemuyi inapangidwa kuti muiphunzire ngati malo: ulendo woyamba ndi wofufuza, wachiwiri wokonza dongosolo, wina wotsiriza ndi wodutsa mosataya sitepe. Fayilo yake imatha ndi .z3 kapena .z5, ndipo imatseguka ndi pulogalamu ya Frotz kapena ya Gargoyle. Lembani VERBOSE poyamba penipeni kuti chipinda chilichonse chizifotokozedwa chonse nthawi zonse mukalowamo.

Mphaka_wa_Daventry:
A Nyali, za dzira ndikuvomera, chifukwa gemu imanena poyera kuti dziralo lawonongeka, ndipo wosewera watcheru amabwerera pomwepo. Koma za Sierra, kampani imene inapanga King's Quest, musaziikire kumbuyo. Mu King's Quest V ya 1990, mphaka amathamangitsa khoswe kamodzi kokha, kwa masekondi ochepa. Mukapanda kugenda mphakayo, mwachitsanzo ndi nsapato imene munatola kuchipululu, palibe chimene chimaoneka kuti chalakwika. Patsogolo akakumangani m'chipinda chapansi cha nyumba ya alendo, khoswe woti adule zingwe kulibe, basi mwathera pomwepo. Chimodzimodzi pie, chakudya chophika mu uvuni: gemu imakulolani kumudya, pomwe ndi amene muyenera kuponyera chilombo chotchedwa yeti kumapiri. Apa wosewera saphunzirapo kanthu, chifukwa cholakwa ndi chilango chake zatalikirana kwambiri moti sangazilumikize.

Woyamba kumene ayambe ndi The Secret of Monkey Island, ya chaka chomwecho cha 1990. Ron Gilbert anaikonza mwadala kuti munthu asatsekeredwe njira, ndipo kufa n'kovuta: muyenera kumusiya Guybrush, munthu amene mumamuyendetsa m'gemuyi, pansi pa madzi mphindi 10 zathunthu. Zotsatira zake, mumayesa chilichonse mopanda mantha. Pulogalamu ya ScummVM imayendetsa gemuyi komanso magemu a Sierra, bola mukhale ndi mafayilo a gemuyo n'kuilozera foda yake.

Chenjezo limodzi: nthabwala zina zagona pa Chingerezi. Mu Monkey Island 2 nyani amagwira ntchito ya sipanala potseka pampu, chifukwa dzina la chidacho m'Chingerezi cha ku America ndi monkey wrench. Pamenepo kuona yankho pa intaneti si manyazi.

Mapu_Papepala:
Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri si kufa ayi, ndi kusochera. Mu Colossal Cave Adventure, imene Will Crowther analemba potengera mapanga a ku Kentucky ndipo Don Woods anaikulitsa mu 1977, muli zipinda zofanana mawu ake onse. Kupita kumpoto kenako kummwera sikutanthauza kuti mwabwerera pomwe munali. Chitani chonchi: siyani chinthu chosiyana m'chipinda chilichonse, makiyi apa, botolo apo, kuti chipindacho chikhale ndi dzina. Papepala jambulani tebulo, zipinda m'mizere yotsika, mbali 10 m'mizere yopingasa, zisanu ndi zitatu za kampasi kuphatikiza kukwera ndi kutsika. Yesani mbali iliyonse n'kulemba kumene yakufikitsani. Mu Zork njirayi imavutirapo chifukwa mbala imatola zimene mwasiya, choncho lembani msanga musanachoke.

Parser ya Adventure, yomwe ndi mbali ya gemu yowerenga zimene mwalemba, imamva mawu awiri okha, mneni ndi dzina, ndipo imawerenga zilembo zisanu zoyamba. Ikakana, vuto kawirikawiri si nzeru yanu koma liwu; yesani lina lofanana nalo musanataye ganizolo.

Kadzidzi:
Zamveka. Nanga pali njira yodziwira gemu yankhanza ndisanaiyambe? Ndipo kuseva kuzikhala kangati?

Nyali_Yamkuwa:
Ilipo. Andrew Plotkin anakonza muyeso wa masitepe asanu, kuyambira Merciful mpaka Cruel, ndipo magemu ambiri pa IFDB, webusayiti ya mndandanda wa magemu otere, amalembedwa pamene ali. Ikakhala Cruel, musamaseve pamwamba pa fayilo imodzi. Sevani fayilo yatsopano musanadye, musanaphwanye kapena kupereka chinthu, komanso musanalowe malo opanda njira yobwerera, ndipo dzina la fayilolo lizinena pamene muli, monga dzira1 kapena damu2. Zork yoyambirira ilibe UNDO, lamulo lobwerera sitepe imodzi m'mbuyo, ndiye mafayilowo ndiwo pothawira panu.

Ngati mukufuna yolemba mawu koma yofatsa, Wishbringer ya 1985 inapangidwira oyamba kumene, ndipo Lost Pig ya 2007 imayankha pafupifupi chilichonse chimene mungalembe. Mukazolowera parser kumeneko, bwerani ku Zork ndi pepala komanso pensulo.