N'chifukwa chiyani 720,720 imagawika ndi nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16?

Mphunzitsi wa ku Chipoka:
Aphunzitsi anzanga, ndikupempha thandizo. Dzulo mtsikana wina wa Fomu 2 anandibweretsera kope lake momwe anagawa 720,720 ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16, ndipo paliponse sipanatsale kanthu, koma atafika pa 17 panatsala 5. Ndinabwereza ndekha pa bolodi ana ataweruka, ndipo ndinapeza zomwezo. Mwanayu akufuna kudziwa chifukwa chake, ndipo sindikufuna kungomuuza kuti ndi mmene zilili.

Mayi wa ku Senga Bay:
Aphunzitsi, yambani mwaiphwanya nambalayo m'ma prime number ake, kutanthauza nambala zoposa 1 zomwe zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi: 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13. Nambala iliyonse mpaka 16 imapangidwa ndi zina mwa zidutswa zimenezi. Mwachitsanzo 14 ndi 2 × 7, pomwe 16 imafuna ma 2 onse anayi. Koma 17 ndi prime number yomwe mulibemo, n'chifukwa chake yakana. Kunena zoona 720,720 ndiyo LCM ya nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16, kutanthauza nambala yaing'ono kwambiri yomwe imagawika ndi zonsezo, ndipo theka lake, 360,360, limalekezera pa 15. Mumuuze mwanayo apitirire, adzaona kuti 18 ndi 20 nazonso zikulowa.

Bambo wopuma pa ntchito, Lifuwu:
Mayi afotokoza bwino, koma ine chimene ndimachikonda kwambiri ndi maonekedwe a nambalayi. Ndi 720 yolembedwa kawiri, kutanthauza 720 × 1,001, ndipo 1,001 ndi 7 × 11 × 13. Choncho nambala iliyonse ya manambala atatu mukailemba kawiri, kaya 358,358 kaya 905,905, idzagawika ndi 7, 11 ndi 13 mosatsala kanthu. Pamene ndinkaphunzitsa ndinkauza mwana aliyense kuti asankhe yake mobisa, aigawe ndi zitatuzi motsatizana, ndipo kalasi yonse inkafuula ikaona kuti yatsala nambala yoyamba ija.

Komanso nambala zogawa 720,720 mosatsala kanthu zilipo 240. Ma 2 mungawatenge m'njira zisanu, kuyambira posatenga ndi mmodzi yemwe mpaka onse anayi. Ma 3 m'njira zitatu. Ndipo 5, 7, 11 ndi 13 mungatenge kapena kusiya. Mukachulukitsa 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 mupeza 240. Palibe nambala yocheperapo yomwe ili ndi zoigawa zambiri chonchi, ndipo zoterezi amazitcha highly composite number. Srinivasa Ramanujan, katswiri wa masamu wa ku India, analemba za nambala za mtundu umenewu mu 1915.

Mphunzitsi wa ku Chipoka:
Zikomo kwambiri, Mayi ndi Bambo. Usiku ndinaonanso kuti mwa nambala zogawa 720,720, izi 360,360, 240,240 ndi 180,180 zokha zikaphatikizidwa zikupereka 780,780, yomwe yaposa kale nambala yeniyeniyo, choncho ndi abundant number, kutanthauza nambala yomwe zoigawa zake zocheperapo zikaphatikizidwa zimaiposa. Lolemba ndiyamba ndi 1,001, ndipo choko ndimupatsa mtsikana uja kuti atsogolere anzake.