Ndiwaphunzitse bwanji asisi a masters kulemba proposal yopempha ndalama?

Mphunzitsi wa ku Luwinga:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kagulu ka azimayi 6 omwe akupanga masters, onse amagwira ntchito ya social work, tikumakumana Loweruka. Nkhani za ana ndi amayi amazidziwa bwino kwambiri koma ikafika pa proposal amalemba masamba 5 ofotokoza mavuto okhaokha, bajeti nkuyilemba usiku womaliza. Ndiyambire pati?

Mayi wa ku Chibavi:
Achemwali yambani ndi bajeti, musaope. Ine yanga yoyamba inakanidwa chifukwa ndinalemba kuti tiphunzitsa magulu a amayi ku Nkhata Bay koma ndinaiwala ndalama ya thiransipoti ndi chakudya, ndinangolemba mapepala ndi zolembera, ndinalira ndithu tsiku limenelo. Chochita chilichonse chikhale ndi mzere wake wa ndalama. Komanso aziika kandalama kapadera, mukukumbuka kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 mabajeti ambiri anasokonekera.

Wa ku Katoto:
Vuto azilitchula ndi manambala. M'malo mongoti atsikana akukwatiwa ali ang'ono alembe kuti MDHS (kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo) ya 2015-16 inapeza kuti 42% ya amayi a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18, kenako anene dera lawo lenileni ndi zomwe asinthe pa miyezi 12.

Mphunzitsi wa ku Luwinga:
Zikomo amayi. Loweruka lino aliyense abwera ndi call imodzi yeniyeni (chilengezo choitanitsa ma proposal), tiwerenga limodzi zomwe ma donor akufuna, bajeti tilembera pa bolodi.