Mphete ya ukwati yokhala ndi masensa: ndiwagulire iti abambowa?

Wofunsa (dzina labisidwa): Moni nonse pa gulu lino. Ukwati wathu ulipo mu Disembala, ndipo abambo amene ndikumanga nawo banja akuti safuna mphete wamba, koma ija yapamwamba yoyeza kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi ndi tulo. Achimwene anga a ku Johannesburg angathe kutigulira, ngakhale kuti ndalama zimene ndinawatumizira pa chinkhoswe sanazilongosole mpaka lero. Alamu anga nawonso akuti ndikumwaza ndalama, pomwe iwowo sanasonkheko ngakhale thumba limodzi la mpunga. Ndigule iti yoti anthu akaiona adziwe kuti ndi yodula?

Mkulu wa mpingo: Mayi, mphete ya ukwati ndi chizindikiro cha pangano, ndipo pangano silitchajidwa. Kodi abusa adzadalitse chinthu chimene batire lake limatha pa sabata imodzi?

Wokonza mafoni: Simunatiuze foni imene abambowo ali nayo, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Galaxy Ring ya Samsung, imene inatuluka mu 2024 pa mtengo wa madola 399, sigwira ntchito ndi iPhone. Mphete ya Oura, kampani ya ku Finland, imagwira ntchito ndi mafoni a mitundu yonse iwiri, koma kuti muziona zonse zimene yayeza mumalipira madola 5.99 mwezi uliwonse kudzera pa khadi la ku banki.

Mkulu wa mpingo: Mwamva nokha, mayi, kuti ndi mphete ya lendi! Mu 2015 Apple inagulitsa wotchi ya golide kuyambira madola 10,000, ndipo pofika 2018 wotchiyo inali italeka kulandira mapulogalamu atsopano. Mphete yanga ndinaivala m'nthawi ya Kamuzu ndipo sinapemphepo magetsi.

Mayi wa ku Leeds: Amuna anga ndinawagulira yotere, koma anaivula posamba kumalo ochitira masewera olimbitsa thupi, osaionanso. Chimene chinandipweteka n'chakuti anakhala mwezi wathunthu akundibisira.

Mnyamata wina: Popeza mpheteyi imalemba ola limene munthu wagona, abambo amene aipempha okha ndi okhulupirika ndithu. Musawataye amenewo.

Mkulu wa mpingo: Mwana iwe, za banja si zochitira nthabwala. Ndipo inu a mafoni, mukulimbikitsa zimenezi chifukwa zikawonongeka mudzadyerapo.

Wokonza mafoni: Bambo, sindingadyerepo kanthu, chifukwa batire lake ndi lomatiridwa m'kati moti likafooka silisinthidwa. Mayi, dziwaninso kuti mphetezi sizikulitsidwa kapena kuchepetsedwa ngati zagolide. Kampani imayamba yatumiza timphete tapulasitiki toyesera, munthu n'kuvala kamodzi usana ndi usiku, chifukwa zala zimatupa kukatentha. Komanso a Oura amalangiza kuvala pa chala chamkombaphala, osati cha mphete ya ukwati.

Mayi wa ku Leeds: Ngati mukufuna dzina lomveka, Gucci, kampani ya zovala zodula, ndi Oura anatulutsa mphete yakuda ya mkombero wagolide mu 2022 pa madola 950, koma nkhawa yanga ili pa achimwene anuwo. Musawatumizirenso ndalama asanalongosole zoyamba zija.

Wofunsa: Zikomo nonse. Achimwene anga musawanene, pakuti ndi amene anandilipirira sukulu. Abambowa chala chawo ndi chachikulu ndithu, tsono yakuda ndi yagolide, ingawakhale bwino ndi iti pa suti yabuluu?

Mkulu wa mpingo: Ankhoswe anu akudziwa zimenezi?